Lilime Limaphunzira: Mmene Chakudya Chachilendo Chimasandukira Chathu

Munthu akhoza kudya mbale yodzaza mpunga wa nyemba masana, madzulo n'kumwera tiyi mbatata yootcha, koma ukamufunsa m'mawa mwake akuuza kuti, "Dzulo ndagona ndi njala." Sakunama ayi. M'nyumba zambiri ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Angonia, kudya ndi nsima. Zina zonsezi n'zongogwiriziza m'mimba. Alimi mpaka ali ndi mawu oti chimanga ndi moyo, ndipo amawanena kuchokera pansi pa mtima.

Komatu chimangacho ndi mlendo kuno. Kwawo ndi ku Mexico, kumene anthu anayamba kuchilima zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. Ku Africa chinafika m'zaka za m'ma 1500 pa zombo za Apwitikizi, n'kumalowa kumtunda pang'onopang'ono ndi amalonda. Akatswiri ena a chilankhulo amati dzina loti chimanga likuchokera ku mawu oti Manga, kutanthauza kugombe kumene amalondawo ankachokera. David Livingstone atafika kumapiri a Shire mu 1859 anachipeza chikulimidwa, koma pamodzi ndi minda ikuluikulu ya mapira, mawere, nyemba ndi mtedza. Nsima ya makolo athu ambiri inali ya mapira ndi mawere. Chimanga chinadzakhala mwini mudzi m'zaka za m'ma 1900.

Ndipo si chimanga chokha. Chinangwa, mbatata, mtedza, matimati, tsabola, maungu ndi nyemba zonsezi zinachokera ku America. Tangoganizani nkhwani wotendera: masamba ake ndi a maungu, nsinjiro zake ndi za mtedza, mwaikamo matimati, ndipo mukudyera nsima ya chimanga. Chakudya chimene mwana wa ku Malawi amachilota akakhala ku Johannesburg kapena ku Manchester n'chopangidwa ndi alendo okhaokha. Mbewu zimene kwawo ndi ku Africa kuno ndi monga mapira, mawere, mchewere, khobwe, nzama ndi luni, zomwe ana ena a m'tauni lero sadziwa n'komwe kakomedwe kake.

Sindikunena izi pofuna kunyoza nsima. Ndinakulira nsima, ndipo ndikakhala masiku atatu osaigwira m'manja thupi limandiuza. Mfundo ndi yakuti zimene timazitcha chibadwa chathu pa kadyedwe, zambiri tinachita kuphunzira. Funso ndiye n'lakuti, kodi lilime limaphunzira bwanji, nanga n'chifukwa chiyani zakudya zina limazilandira msanga pamene zina limazikana kwa zaka?

Zimene timabadwa nazo n'zochepa. Khanda limakonda zotsekemera, chifukwa mkaka wa m'mawere umatsekemera pang'ono, ndipo limachita tsinya likalawa zowawa. N'zomveka: m'tchire zinthu zambiri zakupha zimawawa, choncho mwana wolavula zowawa ndi amene ankapulumuka. Lilime limazindikira kakomedwe ka mitundu isanu, kutsekemera, mchere, kuwawasa, kuwawa, ndi kukoma kwa msuzi wa nyama kapena bowa kumene Kikunae Ikeda wa ku Japan anakutcha umami mu 1908. Zina zonse zimene timati kukoma, gawo lalikulu ndi ntchito ya mphuno. Amene anadwala COVID-19 n'kusiya kumva fungo akudziwa mmene chambo chowotcha bwino chinkamvekera ngati thonje m'kamwa.

Sukulu ya lilime imayamba mwana asanabadwe. Fungo la zimene mayi wadya limalowa m'madzi amene mwana amakhalamo m'mimba, komanso mu mkaka. Mu 2001 Julie Mennella ndi anzake ku Monell Chemical Senses Center ku Philadelphia anaonetsa izi poyera. Amayi ena ankamwa madzi a karoti ali oyembekezera, ena akuyamwitsa, ena ankangomwa madzi wamba. Anawo atayamba kudya phala, amene amayi awo ankamwa karoti sankachita tsinya kwambiri atapatsidwa phala la karoti. Ndiye kuti mayi wa ku Nkhata Bay amene amadya kondowole ndi chigwada tsiku lililonse akhala akumudziwitsa mwana wake za kwawo asanaone dzuwa.

Kenako imabwera nyengo yovuta imene kholo lililonse limaidziwa. Kuyambira zaka pafupifupi 2 mpaka 6, mwana amene ankameza chilichonse amayamba kukana. Amatseka pakamwa, kutembenuza nkhope, kukankha mbale. Amayi ambiri amayesa kawiri katatu, n'kugamula kuti, "Ameneyu sadya masamba, anatengera bambo ake." Apa ndi pamene timalakwitsa. Kafukufuku amene Leann Birch anayamba ku America m'zaka za m'ma 1980, ndi ena ambiri amene anatsatira, anapeza kuti mwana amafunika kulawa chakudya chatsopano kambirimbiri, nthawi zambiri ka 8 mpaka 15, asanayambe kuchikonda. Kulawa, osati kungochiona pa mbale. Anapezanso kuti kukakamiza kumabweza zinthu m'mbuyo. Ukamuuza mwana kuti, "Maliza bonongweyo ndikupatse switi," iye amamva kuti bonongwe ndi chilango, switi ndiye mphoto. Chomwe chimagwira ntchito ndi kuona anzake, achimwene ake kapena amayi ake akudya mosangalala. Kudyera mbale imodzi kuja kumene tikukusiya m'tauni kunali kalasi yabwino kwambiri.

Tsabola ndiye umboni woti munthu amaphunzira kukonda ngakhale zopweteka. Kuwawa kwa kambuzi si kakomedwe ayi, ndi ululu weniweni. Mankhwala a mu tsabola otchedwa capsaicin amadzutsa timitsempha tomwe timachenjeza thupi likakhudza chinthu chotentha, ndipo David Julius analandira nawo mphoto ya Nobel mu 2021 chifukwa chotulukira mmene izi zimachitikira. Palibe khanda limene limabadwa likukonda tsabola. Paul Rozin ataphunzira za kadyedwe ka m'mudzi wina ku Mexico anaona kuti ana amayamba ndi kakang'ono, osakakamizidwa, akuona akuluakulu akuthira, ndipo akamafika msinkhu woyamba sukulu amakhala akumufuna okha. N'chimodzimodzi kwathu. Mnyamata amayamba ndi kunyambita pa chiwaya anzake akumuyang'ana, misozi ili chuchuchu, koma pakatha zaka ziwiri sadya kanyenya wopanda tsabola.

Thupi limathanso kuphunzira kudana ndi chakudya, ndipo phunziro limeneli limalowa tsiku limodzi. Ukadya chinthu kenako n'kusanza usiku wonse, fungo lake lokha limakuchititsa nseru kwa zaka, ngakhale utadziwa kuti anali malungo.

Ine kondowole ndinayamba kumudya ndili wamkulu, nditapita kukagwira ntchito kunyanja. Tsiku loyamba mayi wa m'nyumba imene ndinkakhala anandiikira mitanda iwiri ndi usipa wofutsa. Fungo la chinangwa choviikidwa linandifika ndisanasambe m'manja. Nditatema mbamu inatamuka, n'kumata ku zala, ndipo nditayesa kutafuna inakana kuduka. Mayiwo anangondiyang'ana n'kunena mofatsa kuti, "Achimwene, ameneyu satafuna. Nyowetsani zala, muviike mu msuzi, mumeze." Sabata yoyamba ndinkadya chifukwa cha ulemu. Mwezi usanathe ndinkamva fungo lomwelo ndili kumsewu n'kuyamba kufulumira. Kondowoleyo anali yemweyo, mayiwo sanasinthe kaphikidwe. Chomwe chinasintha n'chakuti fungolo linali litayamba kutanthauza kukhuta, kupuma ndi kucheza pakhonde madzulo.

Apa ndi pamene nkhaniyi imachoka pa lilime n'kupita ku mudzi wonse. Mtundu wa anthu susintha chakudya chifukwa cha kukoma kokha. Chimanga chinapambana mapira pa zifukwa za kumunda. Chili ndi makoko amene amachiteteza ku mbalame, pamene mapira amafuna munthu wokhala pa nsanja kuingitsa mpheta kuyambira m'bandakucha. Chimacha msanga, moti miyezi ya njala anthu amapulumukira mondokwa. Mvula ikagwa bwino chimadzaza nkhokwe. Amuna atayamba kupita ku migodi ya ku South Africa kudzera ku Theba ndi ku Wenela, kapena ku mafamu a ku Southern Rhodesia, manja a kumunda anachepa, ndipo kumeneko chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku chinali ufa wa chimanga. Ankabwerako ndi njinga, jekete ndi lilime latsopano. Zigayo zitafika, ntchito ya mtondo inapepuka. Boma la Kamuzu Banda linkayesa chitukuko poona nkhokwe za chimanga, ADMARC kuyambira 1971 inafikitsa msika wake m'midzi, ndipo pulogalamu ya makuponi a feteleza imene inayamba mu 2005 nthawi ya Bingu wa Mutharika inalimbitsa ukwati wathu ndi chimanga. Zaka 100 za zinthu ngati zimenezi n'zokwanira kuti mdzukulu aiwale zimene agogo a agogo ake ankadya. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa, kumene dzuwa limaotcha chimanga, nsima ya mapira ndi mchewere ikadalipo. Ku Karonga mpunga wa Kilombero ndi nthochi zophika ndi chakudya chenicheni, osati chogwiriziza.

Pali chinthu chimodzi chimene chinatsalira ku Mexico chimanga chikuwoloka nyanja. Kumeneko amachiphika kaye ndi laimu kapena phulusa asanachipere, ndipo izi zimamasula vitamini wotchedwa niacin kuti thupi limupeze. Popanda kutero, munthu wodalira chimanga chokha popanda ndiwo zabwino amadwala pellagra, nthenda yosupula khungu, yotsegula m'mimba ndi kusokoneza mutu. Mu 1990, pakati pa anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique amene ankakhala m'Malawi, anthu oposa 18,000 anadwala nthendayi mtedza utasowa pa chakudya chimene ankalandira. Nsinjiro mu ndiwo si zokometsera chabe.

Koma pamene anthu achikonda chakudya, amachikonda mwatsatanetsatane, ndipo amene akufuna kuwabweretsera chatsopano ayenera kulemekeza zimenezo. Nkhani ya chimanga cha haibulidi imaphunzitsa zambiri. Kwa zaka zambiri alangizi ankadabwa kuti alimi a ku Malawi akukakamira chimanga cha makolo pamene haibulidi amabereka kwambiri. Ena ankati ndi umbuli. Yankho linali mu mtondo. Chimanga cha makolo n'cholimba: ukachikonola gaga amachoka, mphale n'kutsala yathunthu. Haibulidi wa nthawi imeneyo anali wofewa, ankaphwanyika pansi pa musi, ufa wambiri n'kupita ndi madeya pa lichero, komanso anankafumbwe ankamumaliza msanga m'nkhokwe. Amayi ankalima haibulidi kuti agulitse, chamakolo n'kusunga kuti adye. Akatswiri a pa malo ofufuzira za ulimi ku Chitedze atatulutsa MH17 ndi MH18 mu 1990, mbewu zolimbirako zokonoleka bwino, alimi ambiri anazilandira. Amayiwo sankakana chitukuko. Ankawerengera ufa wotsala mu dengu.

Nkhani ya mbatata yofiira mkati inayenda njira yomweyo. Mbatata imeneyi ili ndi vitamini A wambiri, amene amateteza maso ndi kulimbitsa thupi la mwana ku matenda. Mitundu yoyamba kuyesedwa m'mayiko athu ano inali yamadzimadzi, ikapsa inkafewa ngati dzungu. Ana ankaikonda chifukwa cha kutsekemera ndi mtundu wake, koma akuluakulu ankafuna mbatata yaufa, yoti ukaluma uyambe kufunafuna kapu ya tiyi. Panafunika zaka zambiri kuti obereketsa mbewu apeze mitundu yofiira koma yaufa. Ntchitoyi ndi zina zofanana nayo zinachititsa kuti Maria Andrade, amene wagwira ntchito nthawi yaitali ku Mozambique, Robert Mwanga wa ku Uganda, Jan Low ndi Howarth Bouis alandire World Food Prize mu 2016. Ku Malawi kuno mitunduyi inapatsidwa mayina okoma kuwamva: Zondeni, Chipika, Mathuthu, Kaphulira, Anaakwanire, Kadyaubwerere. Amene anasankha dzina lomalizali ankadziwa kuti mbewu siipambana pa msonkhano wa alangizi, imapambana munthu akadya n'kubwerera kudzafunanso.

Chovuta kwambiri kuchisintha si kakomedwe, koma chikumbutso ndi ulemu. Agogo anga aakazi anaona njala ya 1949 ali mtsikana, ndipo anadzaonanso ya 2002 atakalamba. Nsima ya chimanga chachikasu ankaidya pokhapokha zikavuta, ndipo ankaidya chamumtima, osayankhula. Kwa iwo mtundu umenewo unkanunkha mzere wa thandizo, thumba lolembedwa zachizungu, ndi manyazi a munthu wolima yekha amene wayamba kupempha. Ambiri m'chigawo chino cha Africa amaona chimanga chachikasu ngati cha njala kapena cha ziweto. N'chifukwa chake pamene chimanga chokhala ndi vitamini A chinkatulutsidwa ku Zambia mu 2012, anaonetsetsa kuti chikhale cha mtundu wa lalanje wooneka bwino, ndipo anachitcha dzina losiyana, kuti anthu asachisokoneze ndi chachikasu chija.

Mgaiwa nawonso uli ndi mbiri yake. Kwa nthawi yaitali unali ufa wa kusukulu yogonera komweko, wa kundende, wa m'nyumba imene chimanga chatsala pang'ono moti sangataye gaga. Mlendo wolemekezeka ankamuphikira ufa woyera, woviikidwa masiku angapo, wotsukidwa, woyanikidwa pa mphasa mpaka kuti mbee. Ufa woyerawo umakoma, ndipo kafungo kake kowawasira pang'ono ndimakakonda. Koma pokonola ndi poviika, mtima wa chimanga ndi gaga zimachoka, ndipo zimapita ndi mafuta, mavitamini ndi zina zothandiza m'mimba. Lero zinthu zayamba kutembenuka. Bwana amene adokotala amuuza za shuga akuitanitsa mgaiwa mu lesitilanti mosachita manyazi, ena akufunafuna ufa wa mapira ndi mawere umene makolo awo anauthawa. Chakudya chomwecho, koma wochidya wasintha, ndiye ulemu wake wasinthanso.

Izi si zathu zokha. Ku France m'zaka za m'ma 1700 anthu ankati mbatatesi ndi chakudya cha nkhumba, ena ankaopa kuti imayambitsa khate. Antoine Parmentier, amene anaidya ali mkaidi wa nkhondo ku Prussia n'kuona kuti sanafe nayo, sanangolalikira za ubwino wake. Ankaitana anthu otchuka ku madyerero a mbatatesi, kuti anthu wamba aone kuti akuluakulu akudya. Lero mbatatesi yomweyo, yolimidwa ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndiyo ikutumphuka pa chiwaya chilichonse kuyambira ku Limbe mpaka ku Mzuzu.

Chiwayacho chikutikumbutsa kuti si kusintha konse kumene kumafuna kudekha. Tchipisi, mandasi, buledi, zakumwa za shuga ndi timapaketi ta zokhwasula ana sizinafune mlangizi kapena wailesi. Zili ndi mafuta, mchere ndi shuga, zinthu zimene thupi limazilandira ndi manja awiri kuyambira kale pamene zinali zosowa. Zimapsa msanga, zimasunga makala, zimadyeka uli chiimire pa depoti, ndipo zili ndi fungo la tauni. Nyama ya soya nayo inalowa m'miphika mwachangu chifukwa imatsika mtengo, siwola, ndipo imaphetsa nkhuli mwezi ukafika pakati. Pamene luni ndi chisoso zimafuna kuti uzilawe kakhumi, tchipisi chimakugwira tsiku loyamba. Chotsatira chake tikuchiona m'zipatala, kumene mizere ya odwala shuga ndi BP ikutalika, pamene m'dziko lomwelo kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Nthawi zina mavuto awiriwa amakhala m'nyumba imodzi.

Chonditonthoza n'chakuti lilime la munthu wamkulu silinaume. Timaselo tomva kukoma timasinthidwa pafupifupi milungu iwiri iliyonse, ndipo ubongo umazolowera muyeso watsopano. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, kasupuni ka tiyi kosadzaza. Munthu akachepetsa mchere, milungu yoyamba ndiwo zimamveka zosakolera ndipo amadandaula. Kafukufuku waonetsa kuti pakatha miyezi iwiri kapena itatu, muyeso wochepawo ndi umene umayamba kukoma, ndipo ndiwo zakale zija zimamveka zowawa mchere. Amene anasiya masupuni anayi a shuga mu tiyi n'kutsikira pa imodzi amanena zomwezo. Ambiri amagonja mu sabata yachiwiri, asanafike pamene zinthu zimatembenukira.

Nkhaniyi yakula chifukwa cha nyengo. Namondwe Freddy anakokolola minda mu Malichi 2023, ndipo chaka chotsatira ng'amba ya El Niño inachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Chimanga sichipirira mvula ikadula pamene chikumasula ngayaye. Nthawi zoterezi atsogoleri amakwera pa nsanja n'kunena kuti, "Tisinthe kadyedwe, tisamangodalira nsima." Mawuwo ndi oona, koma amandipweteka mtima akamanenedwa ngati kudzudzula, komanso akamanenedwa pa nthawi ya njala yokha. Ukamuuza munthu kuti adye chinangwa chaka chimene chimanga chakanika, ukumuphunzitsa kuti chinangwa ndi chakudya cha tsoka, monga momwe agogo anga anaphunzirira za chimanga chachikasu. Ndipo mayi sangaphike mapira ngati mbewu yake kulibe, ngati chigayo chapafupi sichigaya bwino, ngati pa msika ndi odula kuposa chimanga, kapena ngati apongozi akabwera adzanena kuti m'nyumba muno mwavuta. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene ana amaloweza kusukulu amafunika apezeke pa msika wa kwa Jali kapena wa ku Mitundu pa mtengo woti munthu angakwanitse.

Pomwe zinthu zayenda, zayendera kukhitchini. Chatsopano chimalowa bwino chikabwera ndi mnzake wodziwika kale. Mbatata yofiira imalandiridwa msanga ikakhala futali wa nsinjiro, kapena ikasakanizidwa mu ufa wa mandasi. Soya analowa kudzera mu phala la Likuni, chifukwa phala ndi phala. Ufa wa mapira kapena wa chinangwa ambiri amayamba mwa kuusakaniza pang'ono ndi wa chimanga, n'kumawonjezera mwezi ndi mwezi. Mawere sanachoke n'komwe pakati pathu, anabisala mu thobwa, ndipo palibe amene amati thobwa ndi chakumwa cha amphawi.

Mwana wa mchemwali wanga, wa zaka zinayi, ankakana bonongwe mpaka kulira. Mayi ake anasiya kumukalipira. Ankangomuikira kakang'ono pambali pa nsima, wotendera, osanena kanthu, ndipo akasiya ankangochotsa mbale. Zinatenga pafupifupi miyezi iwiri. Tsiku lina madzulo magetsi atazima tinakhala pamphasa kudyera mbale imodzi, tochi ya foni itatsamira pa ndowa. Ndinaona kadzanja kakudutsa pa mbale ya usipa n'kukatapa bonongwe kumbali ya bambo ake. Mayi ake anandiyang'ana n'kundipukusira mutu kuti ndisayankhule. Kadzanjako kanabwereranso kachiwiri.